Felix, Gertie ndi Oswald: Makatuni Amene Adatchuka Asanalankhule

Mukalowa mu vidiyo sho masana ana ataweruka kusukulu, mwini wake ataika Tom and Jerry, mumaona chinthu chimene sichichitika pa filimu ina iliyonse yakunja. Ana adzaza pamabenchi, ena akhala pansi, wina wabereka mng'ono wake kumbuyo, koma palibe amene akukodola mnzake kufunsa kuti "akuti chiyani?" Mphaka uja akangotukula nsidze, onse adziwa kale kuti waganiza chiwembu, ndipo phwete limayamba chiwembucho chisanachitike. Mphaka ndi mbewa amenewa adabadwa mu 1940 ku America, kanema atayamba kale kulankhula. Koma luso lofotokoza nkhani ndi thupi lokha adachita kulandira kwa makolo awo, makatuni a zaka za pakati pa 1908 ndi 1928, amene pafupifupi onse analibe mawu.

Tikamati kanema wopanda mawu, sitikunena kuti m'holo munali zii. Kutsogolo kunkakhala munthu woimba piyano, m'maholo akuluakulu gulu lonse la oimba, ndipo iwo ankatsata zochitika pa chinsalu. Wina akagwa, piyano nayo inkagwa. Mawu ofunika ankalembedwa n'kuonetsedwa pakati pa zithunzi. Katuni inali ndiwo chabe, yotenga mphindi zochepa, yoonetsedwa pamodzi ndi nkhani za m'dziko filimu yaikulu isanayambe. Owonera ambiri anali akuluakulu, n'chifukwa chake m'makatuni a nthawiyo mumapezeka mowa, njala, chibwenzi ndi ulova.

Vuto lalikulu linali ntchito ya manja. Kanema ndi zithunzi zongoima zimene zimadutsa mwaliwiro mpaka diso n'kuona ngati chinthu chikuyenda. Pa sekondi imodzi pankadutsa zithunzi pafupifupi 16 kapena kuposerapo. Wojambula anthu ndi kamera amangopukusa makina, koma wa katuni ayenera kulemba chithunzi chilichonse ndi dzanja. Mfalansa Émile Cohl, pokonza Fantasmagorie ku Paris mu 1908, adalemba zithunzi pafupifupi 700, ndipo zonsezo zidangokwana kanema wosafika mphindi ziwiri. Anthu adazizwa poona mizere ikusanduka chinthu china n'kusandukanso china. Koma kuzizwa kumatha msanga. Palibe amene adatuluka m'holo akumvera chisoni kamunthu ka timizere kaja.

Amene adasintha zinthu ndi Winsor McCay, wojambula wa m'nyuzipepala za ku New York. Mu February 1914 adaimirira pa siteji ku Chicago, chikwapu chili m'manja ngati woweta nyama zolusa, n'kuitana kuti Gertie atuluke. Pa chinsalu kumbuyo kwake, kuchokera m'phanga, kudatuluka chinyama chakalekale cha khosi lalitali, cha mtundu wa dinosaur. McCay akati kweza mwendo, Gertie ankakweza. Akamutuma china, iye ankayamba wacheukira kwina, kumeza mtengo, kuchita ngati sadamve. Atamukalipira, Gertie adalira, misozi n'kumagwa chapansipansi. Kenako adanyamula njovu yaubweya n'kuiponya m'nyanja, pambuyo pake n'kumwa nyanja yonseyo mpaka kuuma. Pomaliza McCay ankazimiririka kuseri kwa siteji n'kuonekera pa chinsalu ali wojambulidwa, Gertie n'kumunyamula kupita naye.

Zithunzi zake zinali pafupifupi 10,000, zolembedwa pa mapepala opyapyala, ndipo womuthandiza, John Fitzsimmons, ankabwereza kulemba mapiri ndi miyala ya kumbuyo pa pepala lililonse. Koma chimene chidagwira anthu mtima si kuchuluka kwa mapepala. Ndi misozi ija. Gertie anali ndi khalidwe: wamanyazi, wankhutukumve pang'ono, wosachedwa kukhumudwa, ngati mwana wamkulu thupi. Apa m'pamene anthu adaona koyamba kuti chojambula chingathe kukhala ndi mtima.

Njira ya McCay sikadatheka kwa munthu wofuna kutulutsa katuni sabata iliyonse. Mu 1914 momwemo Earl Hurd adalembetsa umwini wa luso lolemba mtengambali pa pepala loonekera mkati la celluloid, n'kuliika pamwamba pa chithunzi chimodzi cha kumbuyo chimene sichisintha. Adagwirizana ndi John Randolph Bray, ndipo masitudiyo ena ankawalipira kuti agwiritse ntchito njirayi. Raoul Barré wa ku Canada adabweretsa timisomali tokolekapo mapepala obowola kuti chithunzi chisamanjenjemere. Max Fleischer naye adapanga makina otchedwa rotoscope: adaveka mng'ono wake Dave zovala za wanthabwala, n'kumujambula ndi kamera, kenako n'kumalemba potsata thupi lake chithunzi ndi chithunzi. Umu ndi mmene adabadwira Koko, wanthabwala wotuluka m'botolo la inki n'kumavutitsa womujambula. Pofika 1920 katuni inali itasanduka ntchito ya fakitale, ndipo likulu lake linali New York, osati Hollywood.

M'fakitale imodzi yotere ndi mmene mudatuluka mphaka wakuda.

Mu November 1919 kampani ya Paramount idatulutsa Feline Follies, katuni yochokera ku situdiyo ya Pat Sullivan, mbadwa ya ku Sydney ku Australia. Mphaka wa mmenemo ankatchedwa Master Tom, ndipo pasanapite nthawi adapatsidwa dzina loti Felix, mawu a Chilatini otanthauza wamwayi, amenenso amamveka pafupi ndi mawu a chinenerocho otanthauza mphaka. Amene ankagwira cholembera ndi kutsogolera ojambula tsiku ndi tsiku anali Otto Messmer wa ku New Jersey, munthu wofatsa wosakonda kudzionetsera. Messmer adafotokoza pambuyo pake kuti adasankha mtundu wakuda chifukwa umapulumutsa nthawi: sulimbana ndi timizere tambirimbiri, ndipo chinthu chakuda bii chimaoneka bwino chikamayenda pa chinsalu choyera. Asanayambe Felix, iye adajambulapo makatuni a Charlie Chaplin, wanthabwala wotchuka wa m'mafilimu opanda mawu, ndipo adaphunzira mmene katswiriyo ankalankhulira ndi mapewa, mapazi ndi ndodo.

Felix akakumana ndi vuto, sankathamangira kuchita kanthu. Ankaika manja kumbuyo, kuweramitsa mutu, nsidze zitakumana, n'kuyamba kuyenda uku ndi uku. Apite kumanja, atembenuke, abwerere kumanzere. Aliyense amene adaonapo bambo akuzungulira pabwalo usiku, fizi ya mwana ikufunika mawa, amakudziwa kuyenda kumeneku. Kenako Felix ankaima, maso n'kuwala, n'kuyang'ana owonera ngati akuti "mwaona?" Nzeru yabwera. Ine ndimaona kuti mphindi imeneyi ndi yofunika kuposa china chilichonse m'mbiri ya makatuni, chifukwa wowonera sakuona mphaka akuyenda, akuona mphaka akuganiza. Ndipo palibe mawu amene adanenedwa.

Nzeru zake zinali zotheka pa pepala pokha. Chizindikiro cha funso chikatuluka pamwamba pa mutu wake kusonyeza kuti wadabwa, iye ankachithyola n'kuchisandutsa chida, mwina mbedza. Mchira wake ankauzula n'kukhala ndodo, chibonga, chilichonse chimene chikufunika pa nthawiyo, akamaliza n'kuubwezera pamalo pake. Mu Felix in Hollywood ya 1923 adatenga mchira kukhala ndodo n'kuyamba kuyenda ngati Chaplin, mpaka Chaplin wojambulidwa adatulukira n'kumuthamangitsa pomunena kuti akumubera luso. Amene tidakulira pa nthano za Kalulu sitivutika kumumvetsa Felix. Ndi wamng'ono, alibe mphamvu, nthawi zambiri ali ndi njala ndipo wathamangitsidwa pakhomo, koma amapulumuka ndi mutu. Anthu osauka a m'mizinda ya America ndi Ulaya, ambiri a iwo obwera ochokera maiko ena amene Chingerezi chinkawavuta, adamuona ngati mnzawo.

Kusalankhula komweko ndi kumene kudamutsegulira malire. Filimu ya Felix inkatha kuonetsedwa ku London, ku Paris kapena ku Sydney popanda kusintha zambiri. Kuyambira 1922 amene ankagulitsa makanemawa anali Margaret Winkler, mmodzi mwa amayi oyamba kuchita bizinesi yofalitsa mafilimu, amene ankasaina kuti M. J. Winkler kuti amuna a m'bizinesiyo asadziwiretu kuti akuchita malonda ndi mkazi. Mu 1923 Felix adalowa m'nyuzipepala ngati nthabwala zojambula, ndipo chaka chomwecho ku Britain kudatchuka nyimbo yonena za kuyenda kwake kuja. Zidole, makapu, mawotchi ndi mapositikhadi okhala ndi nkhope yake zidadzaza m'masitolo, zina zololedwa, zina zachinyengo. Chizolowezi cha lero choti mtengambali wa katuni azipezeka pa chikwama cha mwana wa sukulu ndi pa malaya chidakhazikika nthawi imeneyo. Cha mu 1924 wojambula Bill Nolan adamusintha maonekedwe. Felix woyamba anali wosongoka, wa mphuno yaitali ngati nkhandwe. Nolan adamupanga wozungulira, mutu ngati mpira, maso akuluakulu. Zozungulira zimalembeka msanga, zimatembenuzika mosavuta, ndipo anthu amazikonda chifukwa zimakumbutsa nkhope ya khanda.

Pali kankhani kamodzi kamene kamasonyeza pamene kutchuka kwake kudafika. Kuyambira 1928, akatswiri a kampani ya RCA ku New York ankayesa kuulutsa zithunzi pa wailesi yakanema. Magetsi amene ankafunika anali otentha kwambiri moti munthu sakadapirira kukhala pansi pake kwa maola ambiri. Adatenga chidole cha Felix, n'kuchiika pa mbale yozungulira ya galamafoni, n'kumachiulutsa chikuzungulira pamene iwo akukonza makina. Kuda ndi kuyera kwake kunkathandiza kuona ngati chithunzi chikutuluka bwino.

Pa makanema onsewo, dzina limene linkalembedwa linali limodzi: Pat Sullivan. Ndiye ankayenda maulendo, kujambulitsa ndi atolankhani ndi kulandira ndalama za malonda. Messmer ankangolandira malipiro ake. Mkangano woti adayambitsa Felix ndani udakalipo. Ku Australia alipo amene amaikira kumbuyo Sullivan, akumaloza katuni ya mphaka imene situdiyo yake idatulutsa kale mu 1917. Koma ojambula amene adagwira ntchito mu situdiyomo adachitira umboni kuti woyendetsa zonse anali Messmer, ndipo akatswiri ambiri a mbiri ya makatuni amagwirizana nawo. Kaya dzina ndi lingaliro loyamba zidachokera kwa yani, kuyenda kuja manja ali kumbuyo kudatuluka m'dzanja la Messmer.

Nkhani ya umwini idapwetekanso mnyamata wina. Walt Disney, atalephera bizinesi ku Kansas City, adasamukira ku Los Angeles mu 1923 n'kuyamba kukonzera Winkler makanema a kamtsikana kenikeni kotchedwa Alice kosewera m'dziko la makatuni. Mnzake wa Alice anali mphaka wakuda, Julius, wofanana ndi Felix moti simungafunse kumene adachokera. Mu 1927 Disney ndi mnzake Ub Iwerks adapanga kalulu, Oswald, wa kampani ya Universal. Wapakati pa malondawo anali Charles Mintz, mwamuna wa Winkler, amene tsopano ndiye ankayendetsa bizinesi. Oswald adakondedwa. Anali wopupuluma, wokonda akazi, wotha kuzula mwendo wake n'kuupsompsona kuti umupatse mwayi. Situdiyo ya Disney idakonza makanema ake 26.

Kumayambiriro kwa 1928 Disney adapita ku New York kukapempha kuti ndalama zikwere. Adakapeza kuti Mintz akufuna kuzitsitsa, kuti ambiri mwa ojambula ake asaina kale kwa Mintz mwamseri, ndiponso kuti kaluluyo mwalamulo ndi wa Universal. Adabwerera chimanjamanja. Iwerks sadamuthawe, ndipo awiriwa adakonza mtengambali watsopano, Mickey Mouse. Mukaika Oswald ndi Mickey woyamba pamodzi, mumaona kuti ndi pachibale: fupikitsani makutu akhale ozungulira, talikitsani mchira, kalulu wasanduka mbewa. Makanema awiri oyamba a Mickey adakonzedwa opanda mawu, ndipo palibe kampani imene idawafuna.

Pa nthawiyi mphepo inali itatembenuka. The Jazz Singer, filimu imene munthu adamveka akuimba ndi kulankhula, idatuluka mu October 1927, ndipo eni maholo adayamba kuika zokuzira mawu. Abale a Fleischer anali atayesapo kale makatuni a nyimbo, aja a kampira kodumpha pamwamba pa mawu kuti anthu aziimba nawo. Koma pa 18 November 1928, ku Colony Theatre ku New York, katuni ya Mickey yotchedwa Steamboat Willie idaonetsa chinthu china: phokoso lililonse linkagwa pa nthawi yake yeniyeni. Mickey akaimba mluzu, phazi, chiwongolero ndi nyimbo zinkayendera pamodzi. Chodabwitsa n'chakuti mu filimu imeneyi Mickey salankhula chiganizo chilichonse. Mawu ake oyamba omveka adabwera mu 1929. Chimene chidakopa anthu ndi thupi lomwe lija la makatuni akale, koma tsopano likuvina motsata ng'oma.

Sullivan adachedwa. Poyamba sadafune kulowetsa ndalama m'makina a mawu, ndipo pamene adagonja, adangomata phokoso pa makanema okonzedwa mwakale. Anthu adamva kusiyana. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 situdiyo idaima, ndipo Sullivan, amene mowa unali utamufooketsa, adamwalira mu 1933. Messmer analibe umwini uliwonse, choncho sakadatha kupitiriza makanema a mphaka amene adamulera zaka zoposa khumi. Felix adabwerako mu 1936 m'makanema atatu amitundu a situdiyo ya Van Beuren, kenako kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 pa wailesi yakanema, m'manja mwa Joe Oriolo, amene adamupatsa chikwama chamatsenga ndi mawu opyapyala. Ambiri amene amamudziwa Felix lero amadziwa ameneyu. Kwa ine ndi mphaka wina. Woyamba uja nzeru zinkachokera m'mutu ndi mumchira mwake. Wachiwiriyu amangopisa m'chikwama.

Zimene makolo amenewa adasiya zili paliponse, mpaka sitiziona. Mutu wozungulira, maso aakulu, manja ndi miyendo yopindika ngati paipi ya labala yopanda mafupa, zala zinayi m'malo mwa zisanu kuti ntchito ichepe, mtengambali woyang'ana owonera n'kutsinzinira diso limodzi, thupi lophwanyika n'kubwerera mwakale: zonsezi zidakhazikika m'zaka zimenezo kapena zitangotha kumene. Phunziro la Disney nalo lidasintha bizinesi yonse. Atataya Oswald sadalolenso kuti mtengambali wake akhale wa munthu wina, ndipo kampani yaikulu imene ilipo lero idamangidwa pa mfundo imeneyo. Oswald adabwerera kwawo mu 2006, patatha zaka 78, pamene kampani ya Disney idalola muulutsi wake wa masewera Al Michaels kupita ku NBC, wailesi yakanema ya kampani imodzi ndi Universal, iyo n'kulandira kalulu uja. Ndipo pa 1 January 2024, zaka 95 za chitetezo cha lamulo la America zitakwana, Mickey wa mu Steamboat Willie adakhala wa aliyense m'dzikolo.

Pali cholowa china chimene ife anthu akuda sitingachilumphe. Makatuni amenewa adabadwira m'dziko limene zisudzo zotchuka zinali za azungu odzipaka nkhope zakuda, milomo yoyera yaikulu ndi magolovesi oyera, n'kumanyoza anthu akuda powaonetsa ngati aulesi ndi opusa. Ofufuza ambiri asonyeza kuti thupi lakuda, kamwa yoyera ndi magolovesi a atengambali ena otchuka zili ndi mizu m'zisudzo zimenezo, ngakhale kuti panalinso chifukwa cha ntchito, choti dzanja loyera limaoneka bwino pa thupi lakuda. Sullivan mwiniwake adayamba ndi makatuni a kamnyamata kakuda kojambulidwa monyoza. Ndipo mtengambali akapita ku Africa m'makanema a nthawiyo, kawirikawiri ankakumana ndi anthu a mikondo, fupa lili m'tsitsi, mphika uli pamoto. Zithunzi zimenezo zidaphunzitsa mamiliyoni a owonera kutiona motero. Munthu angathe kusirira luso la Messmer n'kumva kuwawa pa nthawi yomweyo, ndipo ndi bwino kuti woonetsa ana makanema akalewa ayambe waaonera yekha.

Ambiri mwa makanemawo sitingathenso kuwaona. Ankajambulidwa pa filimu ya nitrate, imene imayaka moto mosavuta ndipo ikakhalitsa imanyenyeka n'kusanduka fumbi. Mawu atabwera, makampani ankaona mafilimu akale ngati zinyalala. Ku Argentina, Quirino Cristiani adakonza El Apóstol mu 1917, imene ambiri amaitenga ngati katuni yaitali yoyamba padziko lonse, koma idapsa ndi moto ndipo palibe kope lotsala. Makanema ambiri a Felix adasowa. Nthawi zina mwayi umagwa: mu 2015 kudalengezedwa kuti filimu ya Oswald yotchedwa Sleigh Bells, imene anthu ankati idatayika, yapezeka m'nkhokwe ya British Film Institute.

Nanga Messmer? Situdiyo itatsekedwa adapitiriza kujambula Felix wa m'nyuzipepala ndi m'timabuku ta nthabwala kwa zaka zambiri, dzina losainidwa likadali la Sullivan. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 adagwiranso ntchito kwa Douglas Leigh, wokonza zikwangwani zamagetsi za ku Times Square ku New York. Zikwangwanizo zinali mababu zikwizikwi oyaka ndi kuzima, ndipo pa izo pankayenda tizithunzi takuda topanda mawu, tanyama ndi tianthu, timene Messmer ankajambula. Anthu ankaima mumsewu makosi ali m'mwamba, kuseka, osadziwa kuti dzanja lake ndi lomwe lija la Felix. Dzina lake lidayamba kumveka m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, pamene ofufuza mbiri ya makatuni, mmodzi wa iwo John Canemaker, adamufunafuna n'kumujambula akufotokoza yekha. Apo n'kuti ali nkhalamba. Adamwalira mu 1983 ali ndi zaka 91.